Poloti ya mamita 15 kwa 24: nyumba, galaja ndi poimika galimoto zikwana bwanji?

Nachisale wa ku 49

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatizunguza mutu kunyumba kwathu. Tili ndi poloti kumbali ya Area 49 kuno ku Lilongwe. Mbali ya kumsewu ndi mamita 15, kulowa mkati ndi mamita 24. Msewu uli kumpoto, ndipo malowo ndi otsetsereka pang'ono, madzi amachokera kumbuyo kutsikira kungalande ya kumsewu. Pa ngodya ya kum'mawa pali pholo ya ESCOM.

Tikufuna nyumba ya zipinda zogona zitatu, balaza, khitchini ndi kastolo. Bambo akunyumba akuti popanda galaja yotsekeka, yolumikizana ndi nyumba, iwo ayi. Galimoto tili nayo ndi Sienta, koma mtima wawo uli pa Hilux m'tsogolomu. Ine ndikufuna kumbuyo kutsale malo ophikira pa mbaula, oyanika zovala ndi kadimba ka ndiwo. Pepala lomwe anatijambulira mmisiri wina likuonetsa galaja kutsogolo, nyumba itakankhidwira kumbuyo mpaka kutsala mamita 2 okha. Mtima wanga ukukana. Amene munamangapo pa malo ochepa chonchi, tithandizeni nzeru.

Bambo a Yamikani

Mayi, musawatsutse bambowo pa nkhani ya galaja. Akuba a masiku ano safuna galimoto yonse, akufuna batire, magalasi a m'mbali ndi wailesi. Galimoto ikagona panja, ngakhale mkati mwa mpanda, mumagona khutu limodzi lili kunja. Ine yanga ndimaitsekera, ndipo tulo ndimapeza.

Mayi a Tadala

A Bambo a Yamikani, tauzeni zoona, mu mzere wa nyumba zanu kumeneko ndi angati omwe galaja yawo muli galimoto? Kwathu kuno ku Area 25 magalaja ambiri muli matumba a chimanga, njinga zakufa, makala, ena anasandutsa okala, ena anaika mwana wa mlongo wawo kuti azigonamo. Galimoto ili panja pansi pa mtengo wa mango. Nachisale, gwirani malo a kumbuyowo mwamphamvu. Ntchito zonse za pakhomo zimachitikira kumeneko, ndipo amene amavutika pakapanda malo ndi inuyo.

Wojambula Mapulani

Zikomo Mayi Nachisale popereka miyeso, chifukwa ambiri amangofunsa osanena kukula kwa malo. Ndiloleni ndiyale masamu pang'ono.

Poloti yanu ndi masikweyamita 360. Galaja yoti munthu atsegule chitseko cha galimoto n'kutuluka bwino iyenera kukhala mamita 3.5 m'lifupi ndi 6 kapena 6.5 m'litali, kuyeza mkati mwa makoma. Hilux ya mipando iwiri ya kutsogolo ndi kumbuyo ndi yaitali pafupifupi mamita 5.3, m'lifupi ili cha pa 1.8, ndiye mukamanga galaja yoyezera Sienta, yomwe siifika ngakhale mamita 4.5, tsiku lobwera Hilux chitseko sichitsekeka. Galaja yoteroyo ikudya masikweyamita oposa 20. Amenewo ndi malo a zipinda ziwiri zogona za mamita 3 kwa 3.5. Ndipo idzafuna maziko ake, makoma, lintala yaitali pamwamba pa khomo, denga, pulasitala ndi chitseko chachitsulo. Ndalama zake n'zosasiyana kwenikweni ndi zomangira zipinda ziwirizo.

Ine ndikanati tiyambe ndi njira ya galimoto, nyumba ibwere pambuyo. Gawani mamita 15 aja motere: 3.5 kumadzulo akhale njira ya galimoto, 10 ikhale nyumba, 1.5 kum'mawa kakhale kanjira ka anthu ndi mpweya wa mawindo. Kulowa mkati: mamita 7 bwalo la kutsogolo, 11 nyumba, 6 kumbuyo. Nyumba ya 10 kwa 11 ndi masikweyamita 110, zipinda zitatu zikwana popanda kupanikizana ngati simuwononga malo ndi kolido yaitali. Galimoto iime m'mbali mwa nyumba kumadzuloko, pansi pa shedi ya malata ndi nsanamira zachitsulo. Njirayo ndi yaitali mamita 18 kuchoka pageti kufika pomwe nyumba ikuthera, ndiye magalimoto awiri, ngakhale atatu ang'onoang'ono, aima motsogozana. Kumbuyo kukutsalirani mamita 6 kwa 15, masikweyamita 90 athunthu.

Miyeso ya mpata wochoka kumalire muitsimikize ndi a khonsolo ya mzinda musanakumbe, popeza imatengera dera lomwe poloti ili. Koma kagawidwe kake ndi kameneka.

Nachisale wa ku 49

Eee, masikweyamita 90 kumbuyo! Apa ndiye mwandipatsa mpweya. Koma ndifunse, n'chifukwa chiyani mwasankha kumadzulo? Mmisiri uja ankati geti likhale pakati penipeni kuti lizioneka bwino ndi khonde.

Wojambula Mapulani

Zifukwa zilipo. Kum'mawa kuli pholo ija, ndipo kusunthitsa pholo si nkhani ya tsiku limodzi. Koma chachikulu ndi dzuwa. Khoma lomwe limapsa kwambiri pa nyumba ndi la kumadzulo, makamaka mu October ndi November, kuyambira cha m'ma 2 koloko masana mpaka dzuwa kulowa. Njerwa zimasunga kutenthako n'kumakutulutsa usiku, anthu n'kumalephera kugona. Shedi ya galimoto ikatsamira khoma limenelo, nyumba yapeza mthunzi mwaulere. Mbali imeneyo ikani khitchini, stolo ndi bafa, zipinda zogona zipite kum'mawa ndi kumwera. Chitseko cha khitchini chikatsegukira mu shedi, thumba la ufa likuchoka m'galimoto n'kulowa mu stolo, mvula igwe isagwe.

Geti la pakati limadula bwalo pawiri, n'kusiya tizigawo tiwiri tosathandiza kanthu. Likakhala pa ngodya, bwalo lonse limatsala lamphumphu.

Dalaivala wa ku Kawale

Ine ndiyankhule ngati munthu wodya za chiwongolero. Zotembenuzira galimoto mkati mwa poloti imeneyi muiwale. Galimoto wamba kuti izungulire imafuna bwalo la mamita 10 mpaka 12, Hilux imaposanso pamenepo. Ndiye pali njira ziwiri basi: kulowa chamutu n'kutuluka chambuyo, kapena kulowa chambuyo n'kutuluka chamutu. Sankhani yachiwiriyi. M'mawa m'misewu ya m'malokeshoni mumadzaza ana a sukulu ndi akabaza, ndipo munthu wotuluka chambuyo pakati pa makoma awiri a mpanda saona kanthu mpaka theka la galimoto litatuluka kale.

Palinso china chomwe pepala silionetsa. Magalimoto athu woyendetsa amakhala kumanja. Mukalowa chamutu mu njira ya kumadzulo ija, mwayang'ana kumwera, chitseko chanu chikutsegukira kumpanda, mukufinyika. Mukalowa chambuyo, mwayang'ana kumpoto, chitseko chanu chikutsegukira kunyumba, pakhomo pa khitchini pomwe. Mungoyandikitsa galimoto kumpanda, mbali ya nyumba kutsale mpata woposa mita. Sienta yanuyo zitseko za kumbuyo n'zokoka cham'mbali, ana atuluka osagunditsa pena paliponse.

Bambo a Yamikani

Zonsezi ndamva, koma palibe wayankha za akuba. Shedi ya malata siiletsa munthu wolumpha mpanda.

Bilida wa ku Mtandire

Madala, yankho lake lilipo ndipo ndalipangapo kangapo. Shedi ikakhala pakati pa khoma la nyumba ndi khoma la mpanda, makoma awiri muli nawo kale. Chotsala ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Wotcherani geti lazitsulo kutsogolo kwa shedi, lofika mpaka kudenga, ndi lina laling'ono kumbuyo. Mwapeza galaja yotsekeka ndi loko, yodutsa mphepo, osagula njerwa ina. Ndipo zimenezi mutha kudzachita chaka china mukapuma, sizikuyenera kulowa mu bajeti yoyamba.

Galaja yotsekeka mbali zonse yokhala ndi chitseko cholowera m'nyumba ili ndi choopsa chake. Munthu amayatsa injini m'mawa kuti itenthe, utsi uja n'kulowa m'nyumba. Nthawi ya mvula amayi amalowetsamo mbaula, magetsi akazima ena amaikamo jenereta. Mpweya wa makala ndi wa injini umapha mwakachetechete, sununkha, munthu amangomva tulo. Pamalo potseguka mbali ziwiri vuto limenelo limachepa kwambiri.

Bambo a Yamikani

Apo ndavomera pang'ono. Koma geti lazitsulolo likhale lolimba, osati tizitsulo topinda ndi manja. Ndipo muike getsi loyaka lokha munthu akadutsa, lilipo la sola.

Nankhoma

Mukukamba za galimoto nonse, koma chimbudzi mwachiika pati? Dera limenelo nyumba zambiri zimadalira septic tank. Pa malo ochepa chonchi ndi chimenecho chimasokoneza pulani. Mnansi wathu anakumba yake kumbuyo kwenikweni, kenako n'kumanga mpaka kutseka njira. Itadzaza, galimoto yopopa inalephera kufika, mapaipi anachepa, anachita kupempha kudutsira pa poloti ya eni ake.

Wojambula Mapulani

Funso labwino kwambiri, Nankhoma, ndipo apa malo a Mayi Nachisale awakomera. Popeza akutsikira kumsewu, septic tank ndi sokawe (dzenje lomwetsa pansi madzi ochoka mu thankiyo) zikhale kutsogolo, mbali ya kum'mawa ya bwalo lija la mamita 7. Zonyansa zimatsika zokha m'paipi, ndipo galimoto yopopa imangoima mumsewu n'kuponya paipi pamwamba pa mpanda. N'chifukwa chake ndinapereka mamita 7 kutsogolo m'malo mwa 5: thanki italikirane ndi maziko a nyumba, sokawe italikirenso kuposa apo.

Koma pamwamba pa thankiyo pasaime galimoto. Silabu yomwe amisiri ambiri amathira pa septic tank ndi yonyamula anthu, osati matani awiri a Hilux. Dzalanipo kapinga ndi maluwa a mizu yaifupi, muzungulize timiyala kuti mlendo asaimikepo mosadziwa. Mitengo ya mizu yolusa isayandikire. Ndipo paipi yochokera kubafa ndi kukhitchini, poti zili kumadzulo, iyende mozungulira nyumba ndi timabokosi totsegula pa ngodya iliyonse, kuti ikatsekeka musaswe pansi.

Gogo Nangozo

Ana anga, ine ndi wachikulire, za miyeso sindilowererapo. Ndingokumbutsa chinthu chimodzi. Pakhomo pa munthu pamagwa zinthu. Pamakhala chinkhoswe, pamabwera a mpingo kudzapemphera, pamagwa zovuta. Tsiku limenelo abambo amakhala kutsogolo, amayi amasonkha moto kumbuyo, miphika ikuluikulu pa mafuwa. Mukadzaza poloti yonse ndi makoma, anthu adzakhala mumsewu, amayi adzaphikira kwa aneba. Ndaona nyumba zokongola zedi zomwe bokosi linalephera kutuluka bwino chifukwa galaja inatseka kutsogolo, kanjira kotsala n'kopapatiza. Bwalo si malo otayika ayi. Mwana wanga Nachisale, uwauze bambo akunyumbawo mofatsa kuti gogo wina wati asiye bwalo.

Nachisale wa ku 49

Zikomo kwambiri agogo, mawu amenewa ndikawafikitsa momwe mwanenera. Kunena zoona zimenezi sitinazikambepo n'komwe.

Mjoni

Moni kuchokera ku Johannesburg. Ine ndikumangitsa ku Machinjiri ku Blantyre, poloti yanga ndi yocheperanso. Bwanji osangopita m'mwamba? Pansi galaja ndi balaza, pamwamba zipinda zogona. Kuno nyumba zambiri za m'makompuleksi n'zotero, malo ochepa koma zonse zimakwana.

Bilida wa ku Mtandire

Achimwene, nyumba yosanja imapulumutsa malo, zoona, koma thumba liyenera kukhala lakuya. Pamafunika injiniya awerengere maziko, mapilala ndi silabu, zitsulo zambiri, simenti yambiri, kwale, matabwa ndi mitengo yochirikiza silabu mpaka iume. Masitepe okha amadya malo a kachipinda pansi ndi pamwamba pomwe. Mpata wa khomo la galaja pansi pa chipinda umafuna bimu yeniyeni, mtanda wolimba wonyamula kulemera kwa pamwamba, osati lintala ya masiku onse. Pa poloti ya 360 palibe chowakakamiza kukwera. Inuyo ku Machinjiri, ngati malo anu ali pamtsetse wa phiri, mwina galaja yapansi ingakwane mwachilengedwe, koma musalole kuti amange popanda injiniya, ndipo madzi muwapatse njira yawo. Tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Blantyre mu March 2023.

Mjoni

Ndamva akulu. Malo anga ndi otsetsereka ndithu. Za injiniya ndizitsata ndisanatumize ndalama ya gawo lotsatira.

Bilida wa ku Mtandire

Poti tatchula madzi, Mayi Nachisale mverani apa, chifukwa mipanda yambiri yomwe ndaitanidwa kukadzutsa inagwa ndi madzi, osati kuchepa kwa simenti. Inu muli kumunsi kwa aneba anu a kumbuyo. Madzi awo onse adzatsamira khoma lanu la kumbuyo. Mukalitseka lonse, lasanduka damu, ndipo mvula ya January ikalimba lidzagona pansi. Siyani mabowo m'munsi mwa khomalo, muike tizitsulo kuti agalu ndi nkhuku zisadutse, kenako mangani kangalande kolandira madziwo n'kuwatsitsa m'mphepete mwa njira ya galimoto mpaka kumsewu. Kangalandeko kakhale mbali ya mpanda, njira ipendekere komweko, kuti madzi azithawa maziko a nyumba.

Onjezani madzi a padenga lanu. Milimita imodzi ya mvula pa sikweyamita imodzi ndi lita imodzi. Denga la nyumba ndi shedi pamodzi tinene masikweyamita 150, mvula ya mamilimita 30 ikagwa madzulo amodzi, amenewo ndi malita 4,500. Onsewo akufuna kolowera. Ikani magata olandira madzi a padenga, madzi ena muwakolole mu thanki ya kumbuyo othirira dimba ndi kuchapira. Denga la shedi lisathire madzi kwa aneba a kumadzulo, milandu yambiri ya m'malokeshoni imayambira pamenepo. Gata ikhale mkati mwa malire anu.

Pansi pa njira musathire konkire ponseponse. Mizere iwiri ya konkire poponda matayala, pakati kwale kapena kapinga, n'zotchipa ndipo nthaka imamwa madzi. Mapevingi mudzaika mukapeza bwino. Pageti, pomwe galimoto iwoloke ngalande ya msewu, ikani kalavati (paipi yodutsa madzi pansi pa njira) yaikulu bwino kapena silabu yolimba. Ena amangokwirira ngalandeyo ndi dothi, madzi n'kupatukira m'nyumba za anzawo.

Dalaivala wa ku Kawale

Powolokera ngalandepo pakhale potakata kuposa geti, muonjezere ngati theka la mita mbali iliyonse. Polowa chambuyo kuchokera mumsewu wopapatiza tayala limadula ngodya, ndipo ndakokapo magalimoto angapo ogwera m'ngalande pakhomo pa eni ake. Geti lenilenilo lisachepere mamita 3.5, ndipo likhale lokankha cham'mbali pa njanji. Lotsegukira mkati limafuna malo oti zitseko zizungulire, galimoto yachiwiri ikaima pafupi silitsekeka. Lotsegukira kunja limatchinga msewu. Lokankhalo lidzayenda motsatira mpanda kulowera kum'mawa, ndiye kageti ka anthu mukaike kupitirira pomwe likuthera. Njanji yake muzisesa, mchenga ukadzaza mawilo amadyeka.

Mayi a Tadala

Ndiye kumbuyo kwatsala kwa mayi. Nachisale, pa ngodya imodzi mudzamange kakhitchini ka panja ndi chimbudzi cha alendo ndi antchito. Mphepo ya mwera m'miyezi yozizira imachokera kumwera cha kum'mawa, ndiye kakhitchiniko kakhale cha kumadzulo kuti utsi usamalowe m'mawindo a zipinda zogona. Thanki ya madzi nayo ipeze malo ake pa pulani lero lomwe, chifukwa mipope ikauma mudzaifuna, ndipo nsanja yake imafuna maziko. Chingwe choyanika zovala chisakhale pansi pa mtengo wa zipatso.

Bambo a Yamikani

Nanga bwanji kumbuyoko osamanga kanyumba ka lendi? Mamita 6 kwa 15 pakwana zipinda ziwiri, ndalama ya lendi n'kumathandiza fizi ya ana.

Nankhoma

Ayi bambo, apo tabwerera pomwe tinayambira. Walendi adzadutsa pati? Pa kanjira ka mita ndi theka, pansi pa mawindo a kuchipinda kwa eni nyumba, usiku ndi usana. Naye akagula galimoto aimika pati? Septic tank yomweyo inyamula mabanja awiri? Poloti imeneyi ndi ya banja limodzi.

Wojambula Mapulani

Ndikugwirizana ndi Nankhoma. Ndipo chilichonse chomwe mukuganiza kudzamanga m'tsogolo, shedi, kakhitchini, mpanda, chioneke pa pepala la malo lomwe mukapereke kukhonsolo pamodzi ndi pulani ya nyumba. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo munthu asanayambe kumanga mumzinda. Shedi yofika kumalire muitchule poyera kuti akuuzeni ngati akuvomereza momwemo kapena akufuna kampata, ndipo ndi bwino kukambirananso ndi aneba a mbali imeneyo.

Musanatero, pezani mabikoni onse anayi, zizindikiro za malire za pa ngodya za poloti. Pa kagawidwe kathuka palibe malo otaya. Mukapeza kuti kutsogolo ndi mamita 14.4 m'malo mwa 15, njira ya galimoto ndi yomwe ivutike. Makoma a mpanda nawo amadya masentimita 15 mpaka 23 mbali iliyonse malinga ndi buloko kapena njerwa yomwe mwagwiritsa ntchito. Choncho 3.5 uja muyeze kuchokera mkati mwa khoma, ndipo pakachepa, chepetsani nyumba ikhale mamita 9.5 m'lifupi, musachepetse njira. Aitaneni oyeza malo atsimikize malire, musadalire chingwe cha amene anakugulitsani.

Nachisale wa ku 49

Ndawawerengera bambo akunyumba zonsezi madzulo ano. Za geti lazitsulo pa shedi zawagwira mtima, ndipo mawu a agogo anawakhazika chete kwa kanthawi. Akadali ndi nkhawa ya fumbi pa galimoto m'chilimwe, koma avomera kuti galaja ya njerwa tiisiye. Loweruka tikupita kupoloti ndi zikhomo ndi chingwe, tikakhome nyumba ya 10 kwa 11 ndi njira yake pansi, kenako alowetse Sienta chambuyo tione ngati zitseko zikutseguka.

Funso lina kwa a Bilida: shediyo denga lake litalike bwanji kuchoka pansi, poganizira Hilux ija, mwina itasenza katundu pamwamba?

Bilida wa ku Mtandire

Hilux payokha siifika mamita 2, ili cha pa 1.8. Koma mukaika zitsulo zonyamulira katundu kapena matumba kumbuyo, imakwera. Pamalo potsikitsitsa pa denga, kuyeza pansi pa chitsulo chopingasa, pasachepere mamita 2.4, ndipo mukafika 2.6 ndi bwino koposa. Vuto limakhala poti denga la nyumba limatsikira mbali yomweyo, ndiye shedi ikalowa pansi pake imafupika. Auzeni ojambula kuti mbali ya kumadzulo khoma likwere mizere iwiri kapena itatu ya njerwa, kapena denga la nyumba lithire madzi kutsogolo ndi kumbuyo kuti kumadzuloko kukhale khoma lalitali lopanda mthunzi wa denga, shedi idzagwire pamenepo. Mawindo a khitchini ndi bafa akhale pansi pa mzere wa shedi, ndipo pakati pa malata muikepo limodzi kapena awiri oonekera kuti m'khitchini musade.

Loweruka mutenge tepi yaitali, ya mamita 30, ndipo muyezenso modutsa pakati kuchoka ngodya ina kufika ina. Poloti ya 15 kwa 24 ikakhala yowongoka, miyeso iwiri yodutsayo ifanane, iliyonse pafupifupi mamita 28.3. Ikasiyana kwambiri mutiuze manambala ake tisanapitirire.